Kodi kutola nkhuni zouma pamalo a mwini ndi kuba?

Abale anga, ndithandizeni maganizo. Ndimakhala kwa Chulu kuno ku Kasungu, ndipo kuseri kwa mudzi wathu kuli esiteti yomwe inasiya kulima fodya kalekale. Mwini wake amakhala kutauni, ife timangoona mlonda. Amayi anga, monga amayi ena onse am'mudzimu, amapita kumeneko kukatola nthambi za mombo ndi bulugama zogwa zokha. Nkhwangwa sanyamula, mtengo wauwisi sadula.

Lachiwiri mlonda anawalanda mtolo ndi chingwe chomwe, n'kuwatchula akuba pamaso pa adzukulu awo. Chichokereni tsikulo sakudya bwino. Akuti iwo anakula akudziwa kuti nkhuni yogwa yokha ilibe mwini, ili ngati bowa. Ine mtima wagawikana, chifukwa malowo ndi a eni ndithu, ndipo munthu atalowa m'munda mwanga osandiuza zingandipweteke. Komatu m'mudzi mitengo inatha, tikuphikira zitsononkho ndi mapesi. Ku Kasungu National Park n'koletsedwa, makala nawo ndi odula.

Kodi amayi analakwa? Tipite kwa amfumu akatipemphere chilolezo, kapena timufunefune tokha mwini wakeyo? Amene zinakuchitikiranipo, munatani?