Amayi a banki mkhonde, nkhanza za m'banja mumazithetsa bwanji kwanuko?

Amayi anzanga ndi abambo amene mumagwira ntchito za chitukuko m'midzi, ndikupempha nzeru zanu. Ine ndine mlembi wa gulu la banki mkhonde kuno ku Dedza. Tinayamba ndi zosunga ndalama basi, koma pano amayi a m'mudzi akamenyedwa usiku amathawira kwa ife, chifukwa amadziwa kuti tiwamvera. Vuto limakula nthawi yogawana ndalama kumapeto kwa chaka, pamene amuna ena amafuna kulanda zonse, mkazi akakana ndewu yayamba.

Tikapita kwa ankhoswe amangoti banja ndi kupirira, mayi n'kubwezedwa kunyumba komweko. Izi zimandipweteka mtima kwambiri, poti lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo limalola khoti kupereka chiletso choteteza wozunzidwa. Ku polisi kulinso ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, koma ndi kutali, ndipo amayi ambiri amaopa kuti bambo akamangidwa ana adya chiyani.

Ndiye ndifunse: inu amene munadutsamo, munayamba bwanji kugwirizana ndi amfumu ndi a community policing popanda kutchedwa opasula mabanja? Nanga ife ngati gulu tingamuperekeze mayi kukhoti n'kumuyankhulira, kapena ayenera kudandaula yekha? Chinanso, alipo amene anakwanitsa kuitana amuna kumisonkhano yawo n'kubweradi? Tiuzeni mmene munawafikira, chifukwa kugawana kwa chaka chino kwayandikira.