Mlongoti wa paphiri uja: wailesi ya amateur kapena Wi-Fi wamba?

Wapampando: Abale, nkhani ya mlongoti ija yabweranso. Achinyamata akuti tigule zida za Wi-Fi zotumiza patali, tiziyendetse ngati wailesi ya amateur, ija anthu wamba okhala ndi laisensi amalankhuliranapo osati pofuna phindu, kuti netiweki ya foni ikagwa nthawi ya mvula tizitumiziranabe uthenga. Odziwa atifotokozere.

Wa zamagetsi: Zikomo bambo wapampando. Zida zake ndi timbale toyera tija ta makampani a Ubiquiti kapena MikroTik. Mumachotsa pulogalamu ya kufakitale n'kuikamo ya AREDN, yomwe anthu a amateur anapanga yolumikizira zida zotere, basi chida chilichonse chimasaka chokha chinzake, uthenga n'kumalumpha kuchoka pa ichi kupita pa icho. Zimatheka chifukwa mafunde ena a amateur ali pamodzimodzi ndi a Wi-Fi, cha pa 2.4 GHz ndi 5.8 GHz. Sizidya magetsi ambiri, sola ndi batire zikwana, ndipo waya mmodzi yemweyo amanyamula magetsi ndi data. Ku Germany ndi ku Austria ali ndi netiweki ya amateur yotchedwa HAMNET, nayonso ya zida zotere.

Msungichuma: Ndiye kuti ana asukulu apeza intaneti? Ngati ndi choncho ine ndavomera kale.

Mphunzitsi wopuma: Pepani mayi, apa tisanamizane. Malamulo a ITU, bungwe la United Nations loona za mawailesi ndi matelefoni, salola kuti uthenga wa amateur wopita dziko lina ubisidwe, ndipo mayiko ambiri amaletsanso zimenezi m'dziko mwawo momwe. WhatsApp imabisa uthenga, za kubanki nazonso, masamba ambiri a intaneti chimodzimodzi. Malonda saloledwa. Woyendetsa wailesiyo akhale ndi laisensi ndi call sign yakeyake, dzina lomuzindikirira pa wailesi. Tikauza anthu kuti intaneti ikubwera, mawa adzatifunsa ndalama zawo.

Wa zamagetsi: Aphunzitsi akunena zoona. Komabe mauthenga olemba, zithunzi za mlatho wokokoloka, ngakhale foni zoimbirana tokhatokha, zonsezo zimayenda popanda intaneti. Ine cholinga changa n'chimenecho, tsiku loti china chilichonse chazima.

Msungichuma: Nanga achimwene, bwanji osangozisiya zidazo ndi pulogalamu ya kufakitale ija, zikhale Wi-Fi wamba? Aliyense agwiritse ntchito, wodwala, wamalonda, mwana wasukulu.

Wa zamagetsi: N'zotheka mayi, kungoti kumeneko mphamvu yotumizira ili ndi malire ake, komanso mumapanikizana ndi ma rauta a anthu ena.

Mlembi: Ine nkhawa yanga ndi mitengo. Mafunde amenewa amafuna mbale ziwiri zizionana maso ndi maso, ndipo m'mbali mwa njirayo mukhalenso poyera. Masamba akanyowa, siginolo imafooka nthawi yomwe tikuifunitsitsa ija. Za mphenzi sitinakambe n'komwe, paphiri pamafunika waya wolowa pansi womangidwa bwino. Ndipo batire ikafa akwereko ndani?

Mphunzitsi wopuma: Ndifunsenso, pagulu pano alipo amene ali ndi laisensi ya amateur? Popanda iyeyo tikukangana pachabe.

Wapampando: Sindikuona dzanja. Ndalama zisatuluke kaye mayi. Achimwene a zamagetsi, Loweruka mukwere ndi alembi mukaone ngati denga la sukulu likuoneka kuchokera pamwambapo, mujambule zithunzi mutiponyere pano. Ofuna kuyesa za laisensi alembe mayina kwa aphunzitsi.