Famu ya nkhosa ndi mahatchi kukhala m'banja limodzi mibadwo yonseyi, ankatha bwanji?

MphwakeWaKuNtcheu:
Moni nonse a kuno ku Joni. Ine ndimagwira ntchito m'makola a mahatchi cha ku Kyalami, kuchotsa ndowe, kuwapesa, kuwadyetsa. Abwana anga kwawo ndi ku Karoo, dera louma la mkati mwa South Africa, amati famu ya nkhosa ndi mahatchi ya kwawoko anaiyamba ndi agogo a agogo awo nthawi ya atsamunda ndipo mpaka lero ili m'manja mwa banja lomwelo. Nde ndikufunsa, anthu amenewa ankayendetsa bwanji kuti chinthu chisafe? Ine ndi achimwene anga awiri tikusonkha ndalama kuti tiyambe zoweta kumudzi koma mtima ukundigunda, paja kwathu bambo akangotisiya ng'ombe zimathera pamaliro pomwepo, zotsala amalume atenga, zaka ziwiri khola lasanduka dimba la mpiru. Amene mukudziwa mbiri yake tandithandizeni.

MadalaWaRosettenville:
Mwana wanga wafunsa bwino. Chuma cha mafamu amenewo chinali ubweya osati nyama ayi. Nkhosa za merino, mtundu wa ubweya wabwino kwambiri, zinafika ku Cape mu 1789, zamphongo ziwiri ndi zazikazi zinayi basi, kwa Colonel Robert Gordon, mkulu wa asilikali a Adatchi kumeneko. Iye atamwalira mkazi wake anagulitsa nkhosazo mu 1797 kwa akapitawo a sitima zapamadzi omwe anapita nazo ku Sydney, ndiye ubweya wotchuka wa ku Australia uja mbewu yake ina inachokera konkuno. Ngakhale mahatchi oyamba kufika ku Australia mu 1788 anagulidwa ku Cape Town.

Tsono ubwino wa ubweya ndi woti umameta nkhosa n'kutsala nayo yamoyo, chaka chamawa umetanso. Suwola, utha kuyenda pangolo masabata kuchoka ku Graaff-Reinet mpaka kudoko la Port Elizabeth osaonongeka. Mahatchi anali miyendo ya famuyo, poti ku Karoo n'kouma, nkhosa imodzi imafuna mahekitala angapo, wapansi sungazungulire malire. Otsala ankawagulitsa kwa asilikali a Britain ku India. Ndalama ziwiri pamalo amodzi, chilala chikapha nkhosa mahatchi amakugwira dzanja. Ndipo mabanja amene anapirira ndi amene sankaduladula malo, mwana mmodzi amatenga famu yonse n'kumawalipira abale ake pang'onopang'ono. Amene ankagawana chidutswa chidutswa ambiri anathera m'tauni ali amphawi.

Nachisale_Yeoville:
Madala mwanena zoona koma mwaiwala azimayi ngati mwa nthawi zonse. Ku Australia komweko dzina lomveka pa merino ndi John Macarthur, koma bamboyu anakhala ku England kuyambira 1809 mpaka 1817 chifukwa cha mlandu wogwetsa bwanamkubwa Bligh, zaka zonsezo amene ankayang'anira nkhosa, kusankha zamphongo zokweretsa, kuwerengera antchito ndi kutumiza ubweya anali mkazi wake Elizabeth, akuthandizana ndi mwana wa mchimwene wa mwamuna wake dzina lake Hannibal. Kenako ana awo James ndi William anapitiriza pa famu yawo ya Camden Park. Mfundo yanga ndi yoti mayi uja ankadziwa chilichonse cha pafamu, mabuku anali m'manja mwake, nde mwamuna kuchoka sikunali kutha kwa zinthu.

Ife kuno timatumiza ndalama kwa mchimwene kapena kwa mnzathu wa pasukulu koma mkazi amene akudzuka mamawa kukatsekula khola sadziwa ngakhale mtengo umene mbuzi inagulidwa, zimandipweteka kwambiri zimenezi chifukwa ndinaziona kwa achemwali anga, mwamuna atamwalira anatsala ndi mapoto okha pomwe ziweto anaweta ndi iwo. Achimwene, akazi anu nonse atatu akhalepo pokambirana. Ndipo lembani wilu, lamulo la chuma chamasiye la 2011 lilipo kumudzi, kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma popanda pepala mudzawavutitsa ana.

ChigwaChaMagomero:
Ine sindingakhale chete apa. Tisamawatame anthuwa ngati anali ndi nzeru zina zimene ife tilibe. Malo a ku Karoo anali a Akhoikhoi ndi Asan, anthu anathamangitsidwa ndi mfuti, otsala n'kusanduka abusa a nkhosa za eni atsopano pamalo a makolo awo. A Macarthur aja anapatsidwa maekala 5,000 ndi boma mu 1805, dziko la Aaborijini, ndipo ogwira ntchito ambiri anali akaidi ochokera ku Britain. Kuno lamulo la malo la 1913 linasiyira anthu akuda pafupifupi 7 peresenti ya dziko lonse. Nanga munthu wapatsidwa malo ulele, antchito olipidwa pang'ono kapena osalipidwa n'komwe, famu ingalephere bwanji kufika kwa zidzukulu? Ifenso tikuzidziwa izi, thangata pa esiteti ya Bruce ku Magomero, mpaka John Chilembwe anadzuka mu 1915. Akamati famu ya banja afunseni abwana anuwo kuti banja la m'busa amene anabadwira pomwepo ndi kuikidwa pomwepo lili ndi chani lero. Ngakhale panopa ometa nkhosa ambiri ndi ochokera ku Lesotho, amalipidwa pa nkhosa imene wameta.

MadalaWaRosettenville:
Sindikutsutsa ngakhale pang'ono, malowo anali olanda. Koma mnyamatayu akufuna kuweta, atengepo za mabuku ndi za kusagawa khola, zinazo azidziwe kuti asadzione wolephera akamayamba ndi maekala awiri.

WaMakolaTurffontein:
Aise ine ndili ntchito ngati yakoyo nde ndikuuze za ziweto zenizeni. Mahatchi kumudzi iwala kaye. Yaikazi imatenga bere miyezi 11, mwana mmodzi, umudikire zaka zitatu asanagwire ntchito, ndipo ogula ali kuti? Kuli kashembe m'madera ena, kulinso matenda aja a mahatchi obwera ndi tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma madzulo ndi m'bandakucha mvula ikagwa, ukudziwa mmene timatsekera makola dzuwa lisanalowe ndi kubayitsa katemera wa ku Onderstepoort, kopangira akatemera a ziweto ku Pretoria, chaka ndi chaka, ku Ntcheu katemerayo umupeza kuti.

Merino nayonso ayi, ubweya msika wake uli ku Gqeberha, Port Elizabeth wakale uja, ndipo wambiri umapita ku China, kwathu palibe angakugule. Tenga nkhosa zachikuda zija zamchira wamafuta kapena Dorper ngati ungazipeze, Dorper anaipanga konkuno m'ma 1930 kuti ikhale ya nyama m'malo ouma, siifuna kumeta. Bere miyezi isanu, pa Eid ogula amachita kulimbirana. Koma nkhosa imafa ndi njoka zam'mimba nthawi yadzinja, mankhwala asasowe, khola likhale lam'mwamba kuti ziboda zisaole. M'busa muzimulipira mwezi ndi mwezi ngakhale ali mwana wa achemwali, zoti adzalandira yake zikadzaswana ndi zimene zimayambitsa kuba.

MphwakeWaKuNtcheu:
Zikomo nonse. Mayi Nachisale, malo tikufuna kumangapo khola ndi a kuchikazi kwa achimwene aakulu, poti iwo ali pachikamwini. Ukwati utavuta ziweto tingazitulutse bwanji? Kapena tipite kwa amfumu tikapemphe malo athuathu tisanagule ngakhale nkhosa imodzi?

Nachisale_Yeoville:
Pemphani anu kwa amfumu, pakhale mboni za mbali zonse ndipo zilembedwe. Pamalo a eni mbumba musamangepo khola la anthu atatu.