Thandizeni, ndilembe ndani pa mphoto ya olemba masewero a pa TV?

Membala wosatchula dzina:
Abale anga a pa gulu lino, mutu wanga sukugwira. Kuntchito kwathu kuli kampikisano komwe anayambitsa mnyamata wa ku IT. Aliyense amalemba amene akuganiza kuti atenga mphoto za olemba masewero a pa TV a ku America, timasonkha ndalama, wolosera bwino n'kutenga zonse. Ine sindimafuna kulowa, koma abwana analowa, ndiye ukakana umaoneka wodzipatula. Chaka chatha ndinakhala kumchira, ndipo mayi amene timakhala naye desiki imodzi anandiseka mwezi wathunthu pa nthawi ya tiyi. Ndi mayi yemweyo anandibwereka chitenje cha paukwati wa mng'ono wanga n'kubweza chitathimbirira, mpaka lero osapepesa. Kunyumba nakonso, alamu anga anabwera kuti akhala masabata awiri, pano ndi mwezi wachinayi. Magetsi akangoyaka iwo ali kale pampando ndi rimoti, mpira m'mawa, mpira usiku. Ndiye masewero ambiri sindinawaonere. Pepala likufunika Lachisanu. Ndalama ndinatapa pa ya ndiwo, abambo a kunyumba sakudziwa. Chonde ndilembe ndani?

Mkulu wa Makanema:
Asisi, mwafika pakhomo loyenera. Za Emmy, mphoto zikuluzikulu za pa TV ku America, ine ndimazitsata chaka ndi chaka, ndimadzuka pakati pa usiku kuti ndione mwambo wake. Mverani. Ovota ku Television Academy, bungwe lopereka ma Emmy, ndi anthu a chizolowezi. Akamukonda munthu samusiya. Jesse Armstrong wa Succession anatenga mphoto ya kalembedwe ka drama kanayi, sizoni iliyonse: 2019, 2020, 2022 ndi ya 2023 ija yomwe inachedwa mpaka January 2024 chifukwa cha sitiraka. Mu 2021 Succession kunalibe, ndiye anatenga Peter Morgan wa The Crown. Ndiye yang'anani pa pepala lanulo, amene anapambanapo kale lembani ameneyo. Ngati palibe, lembani sewero lomwe lili ndi mphamvu chaka chimenecho. Basi. Musamvere zina.

Mphunzitsi wopuma:
Mayi, ndi mphoto ziti kwenikweni? Ndipo masewero a mtundu uti, drama, nthabwala kapena masewero aafupi aja a sizoni imodzi?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Akulu a Makanema, "sewero lomwe lili ndi mphamvu" lomwelo ndi limene linagwetsa anthu mu 2024. Shōgun inakolola ma Emmy 18, koma ya kalembedwe inapita kwa Will Smith wa Slow Horses. Osati Will Smith wa mbama uja ayi, uyu ndi wa ku Britain 😂 Mukanawauza asisiwa chaka chimenecho bwenzi ndiwo zitapita.

Mkulu wa Makanema:
Mphwanga, ukundiphunzitsa ine? Shōgun inali ndi magawo awiri pa mndandanda womwewo, ndiye oikonda anagawana mavoti, ena uku ena uku. Zimenezo ndimazidziwa. Ndipo anthu simudziwa kuti mphoto ya kalembedwe amavotera ndi olemba okhaokha, pomwe ya sewero lopambana onse amavotera ndi mamembala onse. N'chifukwa chake nthawi zina zimasiyana. Asisi, onjezani lamulo ili: sewero likalowetsa magawo awiri kapena atatu, chenjerani nalo.

Mnyamata wa ku Ndirande:
Ndiye alembe lamphamvu kapena achenjere nalo? Mwanena ziwiri zotsutsana mu mphindi khumi.

Mkulu wa Makanema:
Werenga bwino usanayankhe.

Make mapasa:
Inu nonse mukukamba za azungu, koma palibe waona kuti mayiyu watenga ndalama ya ndiwo. Mchemwali, juga ndi juga, kaya ya mpira kaya ya ku ofesi. Imayamba chonchi. Mphwake wa amuna anga anayamba ndi kubetcha timakobiri, mapeto ake anagulitsa njinga ya bambo ake. Auzeni abambo a kunyumba lero lomwe, asanamve kwa ena. Ndipo mukuopa kusekedwa ndi munthu wobwereka chitenje?

Wa ku Joni:
Ine nkhani iyi imandiwawa mpaka pano. Ndinkakhala nyumba imodzi ndi mnzanga wa ku Zimbabwe kuno ku Johannesburg, tinkabetcherana chaka chilichonse, wolephera aphike mwezi wonse. Ine ndinkaika Better Call Saul chifukwa ndimaikonda, ndipo palibe angandiuze kuti inalembedwa moipa. Inasankhidwa maulendo 53 pa Emmy, osapambana ngakhale kamodzi. Ndinaphika ine, asisi, mpaka mnzanga uja ananenepa. The Wire nayo sinatengepo Emmy, koma anthu amati ndi imodzi mwa zabwino koposa. Musalembe chimene mtima wanu ukukonda. Ine chinandipweteka n'chimenecho.

Mkulu wa Makanema:
Mwaona? Ndi zomwe ndikunena ine. Chizolowezi cha ovota.

Mwana wa Mulanje:
Koma a Malawi tinalodzedwa ndi ndani? Ofesi yonse kusonkherana ndalama pa mphoto za ku Los Angeles, pomwe olemba athu kuno palibe amawatchula. Tonse tinakula tikuonera Tikuferanji, aliyense amamudziwa Manganya, koma mwapatsapo mphoto wolemba sewero la pa TV kuno? Joyce Mhango Chavula anatenga mphoto ya makanema a mu Africa ya AMVCA ku Lagos mu 2016, ku ofesi kwanuko munasonkha?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Bwana, mayiwa afunsa za pepala la Lachisanu, osati chitukuko cha dziko.

Mwana wa Mulanje:
Maganizo ngati amenewo ndi amene atisaukitsa.

Nachisale wa ku Leeds:
Ine langa ndi la alamuwo. Miyezi inayi? Mukambirane ndi amuna anu, ndi iwo ayenera kumuuza m'bale wawo, osati inu, mungadane ndi apongozi. Kwathu zinachitikapo, tinachita kuitana ankhoswe. Pa za mphotozo, pali tsamba lotchedwa Gold Derby, amasonkhanitsa zolosera za akatswiri ndi anthu wamba. Koperani pamenepo, simungakhale kumchira.

Mkulu wa Makanema:
Kukopera n'kwa ana asukulu. Ndipo aliyense ku ofesiko akakopera pomwepo, apambana ndani? Pa nthabwala mverani ine: ovota amakonda munthu wolemba yekha n'kusewera yekha. Phoebe Waller-Bridge 2019, Dan Levy 2020, Quinta Brunson 2022. Ku masewero aafupi chimodzimodzi, Michaela Coel 2021, Richard Gadd 2024. Mukaona dzina la wolemba lilinso pa osewera, ikani chizindikiro pomwepo. Komanso gawo loyamba la sewero kapena lotsiriza limakhala ndi mwayi kuposa lapakati. Ndatha ine.

Mphunzitsi wopuma:
Ndifunsenso, popeza funso langa lakwiririka. Tili mu February. Mayina a opikisana pa Emmy amatuluka mu July, mwambo n'kuchitika mu September. Pepala lofunika Lachisanu lino lingakhale la Emmy bwanji? Nyengo ino ndi ya Writers Guild of America, bungwe la olemba lomwe linanyanyala ntchito masiku 148 mu 2023. Kumeneko zinthu n'zosiyana. Pali mphoto ya gulu lonse la olemba sewero, ina ya gawo limodzi, inanso ya sewero latsopano. Miyezi imene amawerengera ndi ina, osati June mpaka May ngati Emmy, ndipo sewero lomwe silinalembedwe pansi pa mgwirizano wa bungwelo sililowa n'komwe. Shōgun imene inaluza kalembedwe pa Emmy inakapambana ku Writers Guild mu 2025. Better Call Saul ya achimwene a ku Joni ija inatengako mphoto za gawo limodzi kumeneko. Mayi, tajambulani pepalalo mutiikire pano.

Wa ku Joni:
Aphunzitsi, mukutanthauza kuti zaka zonsezi ndinkabetcha pa mphoto yolakwika?

Mkulu wa Makanema:
Olemba ndi omwewo, kaya Guild kaya Emmy. Malamulo anga agwirabe ntchito.

Mphunzitsi wopuma:
Si ovota amodzi, akulu. Ena ali uku ndi uku, koma mabungwe ndi awiri.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, ndawerenga zonse ngakhale zina zandisokoneza. Amake mapasa, abambo ndiwauza, koma osati lero, abwera otopa ndipo alamu adya nyama yonse yomwe ndinasungira mawa. Aphunzitsi, pepala ndinalisiya mu drowa ku ofesi, ndipo kiyi wa drowayo amasunga mayi wa chitenje uja. Ndikukumbuka kuti pamwamba pali zilembo zitatu, ndipo mizere ndi yambiri, ina yalembedwa za makatuni. Ndiye pa drama ndilembe Succession yomweyo?

Mnyamata wa ku Ndirande:
Asisi, Succession inatha mu 2023.

Mphunzitsi wopuma:
Zilembo zitatuzo ndi WGA, Writers Guild of America ija. Mawa m'mawa mupemphe kiyiyo, mujambule mbali zonse ziwiri.

Mkulu wa Makanema:
Mukajambula munditumizire ine ku inbox, pano pali phokoso.