MF DOOM ankabisiranji nkhope yake?

Takondwa:
Abale, ndithandizeni. Mnzanga anandipatsa chimbale cha Madvillainy, mmene amaimba katswiri wa rap MF DOOM, mwezi watha, ndipo kuyambira tsiku lomwelo sindinachichotse m'makutu. Poyamba chinandizunguza mutu. Nyimbo zambiri ndi zazifupi, korasi mulibe, ukamati wayamba kuzolowera biti, nyimbo yatha kale. Mawu ake ndi okhuthala ngati a munthu amene wangodzuka kumene, koma mzere umodzi ndimaubwereza kanayi ndipo ulendo uliwonse ndimatolamo chatsopano. Chimene chikundivuta ndi chigoba chachitsulo chimene ankavala kumaso chija. Munthu waluso chonchi ankabisiranji nkhope? Ndamvanso kuti nthawi zina ankatuma anthu ena kukaimba m'malo mwake. Zoona zimenezi? Zikundiwawa chifukwa ndayamba kumukonda kwambiri.

Mjomba Fili:
Takondwa, chigobacho chinabadwa pa maliro. Dzina lake lenileni ndi Daniel Dumile. Anabadwira ku London mu 1971, bambo ake a ku Zimbabwe, mayi ake a ku Trinidad, koma anakulira ku Long Island, New York. Ali mnyamata ankatchedwa Zev Love X, nkhope ili pamtunda, m'gulu la KMD limodzi ndi mng'ono wake DJ Subroc. Chimbale chawo choyamba, Mr. Hood, chinatuluka mu 1991 kudzera ku kampani ya nyimbo ya Elektra.

Mu 1993 Subroc anagundidwa ndi galimoto podutsa msewu ndipo anamwalira ali ndi zaka 19 zokha. Mkuluyo anamaliza yekha chimbale chachiwiri, Black Bastards, koma kampaniyo inakana kuchitulutsa chifukwa cha chithunzi chapachikuto, ndipo inawasiya. Taganiza, mng'ono wako wapita, ntchito imene munavutikira awiri aitsekera m'kabati. Anasowa kwa zaka zingapo, nthawi zina akugona pa mabenchi ku Manhattan.

Atabwerera ankaimba ku Nuyorican Poets Cafe, malo a ndakatulo ndi nyimbo ku New York, atavala sitokini kumaso. Mu 1999 anatulutsa Operation: Doomsday, atatengera chithunzi cha Doctor Doom wa m'makomiki a Marvel, munthu wovulala nkhope amene anabwera kudzabwezera. Ine ndinamva chimbale chimenechi ndisanadziwe mbiri yonseyi. Tsiku limene ndinadziwa za Subroc ndinachiyikanso, ndipo ndinangokhala chete mpaka chinatha. Chisoni chinali momwemo nthawi yonseyi, ine osachimva.

Nabanda:
A Fili anena zoona, koma pa nkhani ya anthu otumidwa ija ine DOOM sindimuikira kumbuyo. Zinachitikadi kangapo. Anthu analipira makobiri awo, anaima maola ambiri, kenako kutsogolo kunabwera munthu wina atavala chigoba n'kumangotsatira mawu ojambulidwa kale. Iye ankafotokoza kuti DOOM ndi munthu wa m'nthano, iyeyo ndi wolemba chabe, choncho wina aliyense angathe kuvala chigobacho. Mfundoyo ndimaimvetsa, chifukwa mu 2003 mokha anatulutsa chimbale china ngati Viktor Vaughn, china ngati King Geedorah. Koma wogula tikiti anabwerera mawu a munthu mmodzi yekhayo. Pamenepo analakwa, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene chimbale chake cha Mm..Food ndimachiimba pamtima.

Mjomba Fili:
Sindikutsutsani, a Nabanda. Ndingowonjezera za kumapeto. Mu 2010 atapita kukaimba ku Ulaya, anamukaniza kulowanso ku America, chifukwa sanatengepo unzika wa kumeneko ngakhale anakulirako kuyambira ali khanda. Anakhala ku England, banja lake lili kutali kwa nthawi ndithu. Mu 2017 anataya mwana wake wamwamuna wa zaka 14. Iyeyo anamwalira ku Leeds pa 31 October 2020 ali ndi zaka 49, koma dziko linamva pa 31 December, mkazi wake atalengeza.

Takondwa:
Zikomo akuluakulu. A Nabanda, zimene mwanenazo zandikhudza, ndikanakhala m'gulu la anthu amenewo ndikanalira ndithu. Koma nkhani ya Subroc yandigwira pakhosi, popeza nanenso ndili ndi mng'ono wanga amene timachitira zinthu limodzi. Usiku uno ndiyamba ndi Mr. Hood, ndimve mawu ake asanavale chitsulo. Kodi Black Bastards inatulukanso pambuyo pake?

Nabanda:
Inatuluka, patapita zaka zingapo. Ukamaliza Mr. Hood upite kumeneko, kenako Operation: Doomsday, osadumpha.