Kodi Håkan ankamukondadi Eli, kapena anali kapolo chabe?

Namiyambo: Abale, mu filimu ya ku Sweden ya 2008, Let the Right One In, bambo wachikulire uja Håkan amapha anthu kuti Eli, wooneka ngati kamtsikana koma wokhala moyo pomwa magazi a anthu, apeze chakumwa. N'chikondi chimenechi kapena ukapolo?

Chimwala84: Taonani mmene ntchitoyo imamukanikira. Amagonetsa munthu ndi mpweya wa halothane, n'kumupachika chadodolido mumtengo, kumucheka pakhosi kuti magazi atsikire m'chigubu kudzera pa fanelo. Ulendo woyamba galu amamupezerera, iye n'kuthawa kusiya chigubucho. Kenako, m'chipinda chosinthira zovala, mnyamata amene wamupachika amadzidzimuka n'kukuwa, anzake ali pakhomo. Apa m'pamene amadzithira asidi kumaso kuti apolisi asamuzindikire n'kulondola kwa Eli. Wakalamba, changu chatha, koma sasiya.

MayiWaMabuku: Kuchipatala nakonso, achimwene. Eli atafika pawindo, Håkan amachotsa chubu chopumira, kupereka khosi lake kuti Eli amwe magazi, n'kugwa pansi kuchokera pawindopo. Komatu musamuyeretse. M'buku la John Ajvide Lindqvist la 2004, momwe filimuyi inachokera, iye ndi mphunzitsi wochotsedwa ntchito, wolakalaka kugonana ndi ana. Tomas Alfredson, wotsogolera filimuyi, anazisiya zimenezo mu filimu, n'chifukwa chake timamumvera chisoni.

Chimwala84: Zoona amayi. Ya ku America ya 2010, Let Me In, inasintha: pali chithunzi chakale chosonyeza kuti bambo wosamalirayo anakumana ndi mtsikana womwa magaziyo iye akadali mnyamata. Ndiye woonera amayamba kuopera mnyamata amene wangopalana ubwenzi ndi mtsikanayo, kuti naye adzathera momwemo.