Kodi kachipangizo konyamulika kotsukira mapulagi a galimoto n'kofunika kugula?

Mwini Galimoto Yakale walemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi galimoto ya petulo ya masilinda 4 yomwe yayenda makilomita opitirira 210,000, ndipo kwa miyezi itatu tsopano yakhala ikuvuta kulira m'mawa. Ikalira imanjenjemera kwa mphindi zingapo, kenako imakhazikika injini ikatentha. Nditamasula mapulagi ndinapeza kuti atatu akutidwa ndi mwaye wakuda wouma, umene ukuyoyoka ukaukhudza ndi chala, pomwe ya silinda yachitatu ndi yonyowa ndipo ikunanda ngati yaviikidwa mu oyilo. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mapulagi amenewa ndinawaika atsopano miyezi 6 yapitayo, ndipo ulendo umene ndimayenda tsiku ndi tsiku ndi wa makilomita 4 popita ndi 4 pobwerera basi.

Ndaona pa intaneti kachipangizo kakang'ono kotsukira mapulagi, kotheka kukanyamula ndi dzanja limodzi. Kali ndi kathumba kothiramo mchenga wapadera, bowo la labala lolowetsapo pulagi, ndi kachogwirira kosinthira. Mtundu wina umalumikizidwa ku kompresa, pomwe wina uli ndi kamota kake koyendera batire ya galimoto ya 12 volts. Ndikupempha nzeru zanu: kodi pulagi yotsukidwa motere imabwereradi mwakale, kapena ndingotaya ndalama? Ndiponso mnzanga wandipatsa mapulagi a iridium (okhala ndi kansonga ka chitsulo cholimba kwambiri chotchedwa iridium) amene anagwirapo kale ntchito pang'ono, ndiye ndikufuna kudziwa ngati nawonso angatsukidwe ndi kachipangizo komweko.

Makaniko Wopuma Pantchito wayankha:

Bambo, kachipangizo kameneka ndakagwiritsa ntchito zaka zambiri, makamaka kolumikiza ku kompresa, choncho ndiyamba ndi mmene kamagwirira ntchito. Mpweya wa mphamvu ya 90 psi, yomwe ndi pafupifupi 6 bar, umanyamula mchenga uja n'kuumenyetsa kunsonga kwa pulagi, ndipo mwaye wonse umene wamatirira pa seramiki yoyera yozungulira kachitsulo kapakati umapalika m'masekondi ochepa. Mchengawo si wa kumtsinje ayi, umapangidwa kuchokera ku silicon carbide kapena aluminium oxide, zomwenso zimakhala pa sandipepala. Mukatembenuza kachogwirira kaja, mchenga umatsekedwa ndipo mumatuluka mpweya wokha wouluzira zotsalira. Kamtundu ka batire kamaponya mchenga ndi mphamvu yocheperapo, motero kamatenga nthawi, koma ganizo lake ndi lomwelo.

Chifukwa chimene kutsukako kumathandizira n'chakuti mwaye umadutsitsa magetsi. Koyilo imatumiza mavolts zikwizikwi, nthawi zambiri pakati pa 12,000 ndi 25,000, kuti moto ulumphe pampata wa pakati pa kachitsulo kapakati ndi kachitsulo kokhota kam'mbali. Seramiki ikakutidwa ndi mwaye, magetsi amapeza njira yachidule yotsetsereka pamwaye n'kukafika ku chitsulo cha pulagi popanda kuthetheka, ndiye silinda imeneyo siiwotcha petulo. Mukachotsa mwayewo mwatseka njira yachiduleyo, ndipo pulagi imayambanso kutulutsa moto. Mpaka pamenepa kachipangizoka kamachita zimene ogulitsa amanena.

Koma pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa sanena. Choyamba, moto umalumpha mosavuta kuchokera pa m'mphepete mwakuthwa, ndipo mchenga umadya m'mphepetemo n'kusiya kachitsulo kali kobulungira, zomwe zimachititsa kuti koyilo izifunika mphamvu yochuluka kuposa kale. N'chifukwa chake ife akale tikatsuka pulagi wamba tinkapala kansonga kapakati ndi fayilo yaing'ono kuti kakhalenso kafulati, kenako n'kuyeza mpata ndi fila geji, timapale topyapyala toyezera mipata. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye choopsa, n'chakuti timchenga timabisala mkati mwenimweni mwa pulagi, pakati pa seramiki ndi chitsulo, komanso m'mazinga. Timchenga timeneti n'tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Tikagwera m'kati injini ikulira, timakanda khoma la silinda ndi maring'i a pisitoni, ndipo munthu amene amafuna kupulumutsa mtengo wa pulagi imodzi amapezeka akuphwasula injini yonse. Ndinaonapo injini yotere, mizere yake inali ngati mphaka wakalapo ndi zikhadabo.

Ngati mugule, musaike pulagi yonyowa ndi oyilo m'kachipangizomo, chifukwa mchenga umamatirira pa oyilo n'kupanga phala losachoka, komanso mumawononga mchenga wonse wa m'kathumba. Yambani mwaitsuka ndi mankhwala opopera otsukira kabureta kapena mabuleki, iume bwinobwino, kenako muimenye mchenga kwa masekondi pafupifupi 5 mukuizunguza ndi zala. Mukatero muiuzire mpweya wokha kwa nthawi yotalika kuposa imene mwaimenya mchenga, muigogode pang'ono pathabwa nsonga itayang'ana pansi, ndipo muunike mkati ndi tochi musanaibwezere. Valani magalasi oteteza maso, chifukwa labala ija ikatha mchenga umathawira kunja.

Za iridium zija ndikukuletsani. Kansonga ka mapulagi amenewa n'kochepa kwambiri, mamilimita 0.6 pa ambiri a kampani ya NGK ndi 0.4 pa ena a kampani ya Denso, ndipo ndi kachidutswa kowotcherera pamwamba pa chitsulo china. Sikofunika kukamenya mchenga, kukapala ndi fayilo, kapena kukakanikiza poyeza mpata.

Wokonza Majenereta ndi Njinga Zamoto wayankha:

Ndikugwirizana ndi bambo makaniko pa zambiri, koma ndikuona kuti akuopseza kachipangizoka kuposa muyeso. Ine ndimakagwiritsa ntchito pafupifupi tsiku lililonse pa majenereta, mapampu a madzi, makina odulira mitengo ndi njinga zamoto, makamaka injini zosakaniza oyilo ndi petulo, zomwe mapulagi ake amada msanga pomwe zitsulo zake zidakali zatsopano. Kutaya pulagi yotere n'kuwononga chabe. Ngakhale pa ndege zing'onozing'ono za injini ya mapisitoni, mapulagi amatsukidwa ndi mchenga mwachizolowezi, amayezedwa mpata, amayesedwa m'kabokosi kopopedwa mpweya, n'kubwezeretsedwa, chifukwa mafuta ake otchedwa 100LL akadali ndi mtovu umene umaundana m'pulagi. Ngati anthu osamala kwambiri ngati amenewo amatsuka motere, ndiye kuti vuto si mchengawo koma changu cha wotsukayo.

Komabe tivomereze kuti nthawi ya kachipangizoka pa galimoto inapita pang'ono. Kale petulo wa galimoto ankakhala ndi mtovu, makabureta ankathira petulo wochuluka m'mawa choko ikakokedwa, ndipo kutsuka mapulagi kunali mbali ya sevisi iliyonse. Petulo wa mtovu anasiya kugulitsidwa ku magalimoto padziko lonse mu 2021, dziko la Algeria ndilo linali lomaliza, ndipo galimoto zambiri tsopano kompyuta ndiyo imayeza petulo wolowa m'silinda. Pulagi wamba ya nickel imayenda makilomita pafupifupi 20,000 mpaka 30,000, ya iridium yamtundu wokhalitsa imafika 100,000, ndipo pa injini yabwinobwino nthawi yonseyo imatha osafunika kutsukidwa n'komwe. Munthu wa galimoto imodzi yokha angakagwiritse ntchito mwina kamodzi pachaka, ndiye kwa inu, achimwene, sindikuona phindu lake lenileni, makamaka ngati mulibe kale kompresa.

Pa mwaye wouma ngati wanuwo, mankhwala opopera ndi kaburashi kofewa ka nayiloni n'zokwanira. Burashi ya waya muisamale nayo, chifukwa imasiya timizere ta chitsulo pa seramiki, ndipo timizere timeneto timadutsitsa magetsi ngati mwaye womwe uja. Ena amawotcha nsonga ya pulagi ndi moto wa gasi mpaka mwaye utapsa, ndipo zimathekadi, koma isiyeni izizire yokha. Mukaiponya m'madzi seramiki imang'aluka, nthawi zina mng'alu wosaoneka ndi maso.

Wophunzira Zamagetsi a Galimoto wayankha:

Akuluakulu anga afotokoza bwino za kachipangizoka, ine ndikufuna ndingobwerera ku chimene chikudetsa mapulagiwo, popeza mapulagi a miyezi 6 sayenera kuoneka choncho. Pulagi inapangidwa kuti izidziyeretsa yokha. Nsonga yake ikatentha kufika pa madigiri a Celsius pafupifupi 450 mpaka 500, mwaye umapsa wokha, ndipo ikapitirira madigiri 800 imayamba kuyatsa petulo nthawi yake isanakwane, zomwe zingaboole pisitoni. Ulendo wa makilomita 4 pa liwiro lochepa sulola kuti nsongayo ikhale nthawi yokwanira pa kutentha koyeneraku, komanso injini ikakhala yozizira imapatsidwa petulo wochuluka mwadala. Choncho, bambo, mwaye wa mapulagi atatu aja ukhoza kukhala wochokera ku kayendedwe kanu, ndipo kuyenda ulendo wautali wa mphindi 30 kapena kuposerapo kamodzi pa sabata kungachite ntchito imene mukufuna kugulira kachipangizo. Koma muonenso fyuluta ya mpweya ngati yatsekeka, thermostat (kavavu kowongolera madzi oziziritsa injini) ngati yakanirira potseguka, ndi sensa ya kutentha kwa madzi, chifukwa ikanamiza kompyuta kuti injini ikadali yozizira, petulo amathiridwa wochuluka tsiku lonse.

Muonetsetsenso nambala ya pulagi imene munagula. Pa NGK ndi Denso, nambala ikakwera ndiye kuti pulagiyo ndi yozizira, kutanthauza kuti imataya kutentha msanga, pomwe pa Bosch ndi Champion nambala yokwera imatanthauza yotentha. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa akamasintha kampani, n'kuika pulagi yozizira kwambiri imene imada ngakhale injini ilibe vuto. Mazinga kungofanana, kaya ndi a mamilimita 14 kapena 12, sizitanthauza kuti pulagiyo ndi yoyenera, ndipo chenjezo limeneli likukhudzanso a iridium amene mwapatsidwa aja.

Chinanso n'chakuti musakhutire ndi kuona moto pulagi ili panja. Mpweya ukapanikizidwa m'silinda moto umavutika kulumpha kuposa pamtunda, choncho pulagi yotsukidwa ikhoza kuthetheka bwino m'manja mwanu koma n'kumalephera m'kati. Ngati galimoto yanu ili ndi polumikizira makina owerengera zolakwika, nambala ya P0303 ikaoneka pa makinawo imasonyeza kuti silinda yachitatu ikuphonya, pomwe P0300 imasonyeza kuphonya kosasankha silinda. Kuyenda nayo ikuphonya kumatumiza petulo wosapsa ku catalytic converter, chipangizo cha pa ekizozi choyeretsa utsi, ndipo imeneyo ikapsa mtengo wake ndi woposa mapulagi ambirimbiri.

Mwini Galimoto Yakale wayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Dzulo ndinatsegula fyuluta ya mpweya ndipo ndinachita manyazi, chifukwa inali yodzaza fumbi moti kuwala sikumadutsa n'komwe, ndiye ndaika yatsopano. Nambala ya mapulagi ndaifananiza ndi ya m'buku la galimoto ndipo ndi yolondola. Kachipangizo kaja sindinagule, koma ndinabwereka ka mnzanga amene ali ndi kompresa, ndipo ndinatsuka atatu ouma aja motsatira malangizo a bambo makaniko. Ndikuvomereza kuti ngakhale nditauzira mpweya kwa nthawi, nditagogoda pathabwa panagwabe timchenga tingapo, moti ndinabwereza kawiri. Mpata ndauika pa mamilimita 1.1 monga buku likunenera. Ya silinda yachitatu ndaisintha ndi yatsopano, ndipo lero m'mawa galimoto yalira kamodzi popanda kunjenjemera. Chimene chatsala ndi oyilo uja. Kodi ndiyambe kukonzekera zosintha maring'i?

Makaniko Wopuma Pantchito wayankha:

Musafulumire, bambo. Kumbukirani bwino pamene panali oyiloyo. Ngati anali kumtunda kwa pulagi, pa seramiki yakunja, pomwe pamagwira sipanala ndi m'mazinga, ndiye kuti akuchokera ku gasiketi ya chivundikiro cha mavavu, amadikha m'dzenje la pulagi, ndipo pomasula amatsikira kunsonga n'kuoneka ngati wachokera m'kati. Imeneyo ndi ntchito yaing'ono. Ngati kumtunda kunali kouma ndipo oyilo anali kunsonga kokha, yang'anani utsi: wabuluu umene umatuluka pongoliza m'mawa kenako n'kusiya kawirikawiri umaloza ku masilo a mavavu, pomwe wotuluka mukaponda mafuta umaloza ku maring'i. Kuyeza kompresheni ya masilinda onse anayi, kenako n'kuthira oyilo pang'ono mu yachitatu ndi kuyezanso, kudzakuuzani zoona, chifukwa nambala ikakwera kwambiri oyilo atathiridwa ndiye kuti maring'i ndiwo atha.

Popeza atatu aja mwawabwezera ndi mawashala ake akale, ndikhulupirira simunawamange ngati atsopano. Pulagi yatsopano ya mamilimita 14 imazunguzidwa pafupifupi theka la mzungulo ikagunda ndi dzanja, kuti washala iphwatalale, koma washala yophwatalala kale imangofuna madigiri pafupifupi 30. Ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mutu wa injini wa aluminiyamu ndi 25 mpaka 30 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira), ndipo injini ikhale yozizira. Mukayenda makilomita 500 mumasule yachitatuyo yokha, muiyang'ane kumtunda ndi kunsonga musanaipukute, kenako mudzatiuze zimene mwaona.